Kuthako kwa Mfuti ya Lufeyo

Anabwera nayo m'thumba la feteleza
Lachitatu, nkhungu isanachoke pa Bembeke,
naigoneka pabenchi langa
pakati pa chitseko chosamaliza ndi bokosi la maliro.
Amisiri, anatero, ndiboolereni kuthakoku.

Ndinafunsa kaye ngati m'mimba muli kanthu.
Anaithyola pakati, nandionetsa thambo
lozungulira ngati khobidi kumapeto kwa mpope.

Mfuti sindinaigwirepo chibadwire,
koma thabwa ndi thabwa.
Ili linada ndi thukuta la mapewa atatu,
amalume ake awiri, kenaka iyeyo,
onse alonda a minda ya eni.

Tinamasula kachitsulo kakumapeto.
Ndinaboola mabowo awiri, kuya kwa chala chamkombaphala,
pang'onopang'ono, ndikumvetsera ngati thabwa likudandaula.
Utuchi unkagwa wofiira, wonunkha mafuta akale.
Bowo lachitatu ndinakana:
mukadzawomba, idzakung'ambikirani paphewa.

Ndiye anayamba kutulutsa za m'thumba la malaya.
Machesi asanu ndi awiri m'kapepala ka shuga.
Lezala. Singano yolowetseratu ulusi,
poti maso ake usiku sapeza bowo.
Mchere m'kabango kotseka ndi phula,
mapanado anayi,
ndalama yopinda mpaka kufanana ndi ndudu.
Pomaliza kapepala kamene anandilembetsa ine:
Lufeyo Ndau, mwamuna wa Nangozo,
kuti wodzanditola asavutike kufunsa.

Ndinaseka. Mwatsegula golosale m'mfuti!
Iye sanaseke.
Anandiuza za usiku wina chaka chatha,
bondo litaguluka kumtunda kwa munda wa kachewere,
ali ndi zipolopolo zisanu m'thumba,
koma choyatsira moto ayi.
Chikwama umaiwala, anatero, jekete umabwereka mwana.
Iyi yokha siichoka m'manja.

Anapita. Ine ndinabwerera kubokosi langa.

Mwezi wa chisanu uli pakati anatulukiranso,
milomo itang'ambika, mfuti m'thumba lomwe lija,
kachitsulo kakulendewera pa sikuluwu imodzi.
Inayo inatayika m'udzu.

Nkhani ndinachita kuizula ngati msomali wopindika.
Akuti anamva khasu likukumba pakati pa usiku.
Osati nguluwe; nguluwe sitsokomola.
Anakuwa, wakubayo anathawa,
nagwera m'chigwembe pamodzi ndi khasu lake lomwe,
katumba n'kutseguka ngati papaya.
Kamnyamata, ndevu zisanamere.
Kataona mfuti kanatsinzina,
kudikira.
Chimene kanamva ndi kulira kwa sikuluwu
ikumasulidwa ndi nsonga ya mpeni.

Machesi atatu anazima ndi mphepo.
Udzu unali wonyowa ndi mame.
Lezala inadula malaya, mchere unalowa m'madzi a m'botolo,
kamnyamata kanaluma mkono wake kuti kasakuwe.
Kusoka mnofu anachita mantha;
anangosoka nsanza mozungulira mwendo, molimba.
Mapanado awiri kwa iko, awiri kwa iye mwini,
poti mutu unkamuwawa ndi mkwiyo.
Kutacha anakabereka mpaka kumsewu,
ndalama ija n'kupita ndi wakabaza.

Mwini munda anawerenga mapando okumbidwa,
namudula malipiro a sabata.

Ndinapeza sikuluwu ina m'chitini cha zotsalira,
yaitali pang'ono, ndinaifupikitsa ndi sowo.
Tikubwezeramo zatsopano ndinaona kuti china chasowa.
Nanga kapepala kaja?

Anayang'ana kumsewu, kumene lole ya kabichi
inkalimbana ndi chitunda.
Chouma chinali chokhacho, anatero.
Ndi chimene chinagwira moto.

Dzina la kamnyamatako sanafunse.
Lake linapsa lonse, ndi la Nangozo lomwe.

Ndinachotsa pensulo kukhutu,
ndinang'amba ngodya ya thumba la simenti.
Lembaninso chimodzimodzi, anatero,
koma pepalalo likhale lalikulupo.